A Likhutcha ndi Galimoto Yomwa Kachasu

Chaka chatha mwezi ngati uno tinaika m'manda a Likhutcha, ndipo mpaka lero sindidziwa ngati aja anali maliro a mpingo kapena ayi. Amene analipo akhoza kundichitira umboni. Amayi a mpingo anabwera ndi mabulauzi awo oyera, koma ali m'zikwama. Anakhala pansi pa mtengo wa mapeyala, zikwama pamiyendo, kudikira kuti awauze ngati avale kapena asavale. Akulu a mpingo anali kuseri kwa nkhokwe atatsegula buku la maina, akukangana motsitsa mawu. Dzina la a Likhutcha linalimo, losafufutidwa. Koma mwini dzinalo anali atatha zaka osadya mgonero, osakhala pa benchi ya akulu anzawo, ndipo mudzi wonse unkadziwa za migolo ya kachasu imene inali kuseri kwa nyumba yawo. Dzuwa linafika pamutu bokosi likadali m'nyumba.

Ine ndinali kumoto ndi ophika, ndili ndi funso langalanga: ndilire kapena ndisalire? A Likhutcha sanali m'bale wanga. Anali munthu amene anadulitsa amayi anga mumpingo. Analinso munthu amene ananyamula maliro a amayi angawo tsiku limene mpingo sunabwere. Nkhani ziwirizi ndayesa kuzimanga mtolo umodzi, chingwe chimangoduka.

Anali munthu wamfupi, wa manja aakulu osagwirizana ndi thupi lawo. Makolo awo anachokera ku Mozambiki kudzathyola tiyi, iwo n'kukulira m'galaja ya esiteti, kuyambira kutsuka masipanala mpaka kukhala makaniko wamkulu. Popuma pantchito anagula bokosibode yakale ya petulo imene azungu a paesitetipo ankafuna kutaya. Kumudzi kwathu, kumunsi kwa Likhubula, galimoto inali yomweyo basi. Inkanyamula chinanazi kupita kumsika wa pa Chonde, odwala kupita kuchipatala, mabokosi a maliro, ndiponso abusa akamapita kukachititsa mgonero ku timatchalitchi ta kutali. Kunena kuti galimoto ya a Likhutcha kunali kungolemekeza. Inali miyendo ya tonse.

Sankapereka chikhatho popereka moni, ankapereka mkono, ngakhale Lamulungu manja ali oyera. M'thumba lakumbuyo simunkasowa kansanza kopukutira. Injini sankaiyang'ana kwambiri, ankaimvera: nsonga ya sikuludiraiva pa injini, chogwirira kukhutu, maso ali tsinzinu, ndipo wolankhula nthawi imeneyo ankakalipiridwa ngakhale akhale mfumu. Galimoto ikakana kulira ankaitukwana m'Chilomwe, koma motsitsa, kuopa kuti akhristu angamve. Panjira ankatola misomali yopindika ndi tizidutswa ta waya, atavala jekete, akupita kutchalitchi. Ankakonda kunena kuti Mulungu sanalenge zinyalala, zinyalala ndi pamene munthu watopera kuganiza. Mawu amenewa ankawanena kwa ana, kwa akazi awo malemu, ngakhale kwa munthu amene wangotaya khoko la nthochi asakudziwa kuti kumbuyo kwake kuli ndani.

Mowa ankadana nawo chidani chenicheni. Ndipo anali wouma khosi. Pa zinthu ziwirizi ndi pamene amayi anga anagwera.

Abambo anga anapita ku Joni ine ndili wamng'ono, osabweranso, osalembanso kalata. Amayi anatsala ndi ana anayi ndi kamunda kosakwana kutembenukiramo. Anayamba kutcheza kachasu kumtsinje, pobisika. Okha sankamwa, ngakhale kulawa. Ukali wake ankauyesa podonthezera pamoto. Kumpingo anali otsogolera nyimbo m'gulu la amayi, mawu awo ankamveka mpaka kumsewu. Ambiri ankadziwa za kumtsinjeko, koma ankangoyang'ana kumbali, podziwa kuti ana anayi sadya nyimbo. A Likhutcha okha ndiwo sanayang'ane kumbali. Anamva fungo akutsuka galimoto pamtsinjepo, analitsata mpaka pamtsuko, ndipo Loweruka lotsatira anaimirira m'bwalo la akulu a mpingo n'kutchula dzina la amayi.

Atadulidwa, amayi anachapa bulauzi yawo yoyera, kuisita, n'kuiika pansi penipeni pa sutikesi. Lamulungu lililonse ankapitabe kutchalitchi n'kukakhala pa benchi yakumbuyo, pafupi ndi chitseko, pamene pamakhala odulidwa. Sankaimba. Kawiri konse anayesa kusiya kutcheza kuti abwezeretsedwe, kawiri konse njala inawabweza kumtsuko. Chimene ankafuna pamoyo wawo chinali chimodzi, ndipo sankachibisa: dzina lawo libwerere m'buku, kuti tsiku lawo lomaliza adzavale bulauzi ija, anzawo adzawaimbire. Anandiuza ndili kale mayi wa ana awiri: "Esinati, ndikadzafa asanandibweze, usadzandiveke. Sindifuna kukalowa kumeneko ndi chovala chakuba."

A Likhutcha ndinkadana nawo, sindibisa. Galimoto yawo ndinkakwera chifukwa panalibe ina, koma moni wanga unkakhala wa pakamwa chabe.

Kenaka nkhondo ya kutsidya kwa malire inakula, sitima zobweretsa mafuta zinasiya kuyenda bwino, petulo n'kuyamba kusowa. Masiku amenewo munthu sankanena mokweza kuti kulibe petulo, chifukwa mawu otero ankamveka ngati kudandaula, ndipo makutu a chipani anali paliponse. Tinkangoti petulo akubwera. Pa Chonde ankabweradi mwa apo ndi apo, n'kutha a Likhutcha asanafike pampope. Bokosibode inakhala pamiyala miyezi. Chinanazi chinapsa m'minda n'kuwolera momwemo, fungo lake lili tho mudzi wonse. Odwala tinayamba kuwanyamula pa machira a nsungwi, ndipo si onse amene ankafika.

Tsiku lina a Likhutcha anamva pa wailesi kuti boma likusakaniza petulo ndi madzi aukali otchezedwa ku nzimbe. Akuti anazimitsa wailesiyo n'kuyang'ana mulu wa chinanazi chowola kumunda kwawo. Anayesa okha poyamba, mobisa. Zimene zinatuluka zinali madzi owawasa oti ngakhale nkhumba zinkawanunkhiza n'kubwerera. Paja wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. M'mawa wina, dzuwa lili gee, tinangoona munthu wa jekete ataima pabwalo pathu, chipewa chili m'manja. Amayi anali akupeta madeya. Sanafulumire kupereka mpando.

"Amake Esinati," anatero a Likhutcha, "ndabwera mundiphunzitse kutcheza."

Amayi anatembenukira kwa ine. "Esinati, apa ndamva bwino, kapena makutuwa ayamba kukalamba?"

"Si wakumwa ayi," anatero iwo. "Ndi wa galimoto."

"Galimoto yayamba liti kumwa? Nayonso mukaidulitsa?"

A Likhutcha sanaseke, sanakwiyenso. Anafotokoza za pa wailesi, za injini, za moto umene umayaka m'kati mwake, ngati akuphunzitsa kalasi. Amayi anamvera mpaka kumapeto, lichero lili pamiyendo.

"Ndikakuphunzitsani, dzina langa libwerera m'buku?"

"Ine ndabwera za galimoto. Za buku sindinabwere nazo."

Ndinayembekeza kuti amayi awaloza njira. Koma anangoimirira, kukung'untha chitenje, n'kunena kuti tiyeni tikaone chimene mwaononga. Chifukwa chake sindinachimvetse, ndipo sindichimvetsabe. Nditawafunsa pambuyo pake anati ankangofuna kuona mkulu wa mpingo atagwada pansi akupemerera moto wa kachasu. Mwina n'zoona. Mwina ankakumbukira machira aja.

Ntchito inakhazikika kuseri kwa nyumba ya a Likhutcha, poyera, popeza iwo anati chobisa ndiye tchimo. Ankasonkhanitsa makoko a chinanazi, mitima yake, chowola chonse cha m'minda ndi cha pamsika, nthochi zopsetsa, ndi madeya a kuchigayo. Zonsezi ankaziviika m'migolo masiku angapo. Amayi ankabwera m'mawa uliwonse, kugunditsa khutu pamgolo, n'kunena kuti ukulankhulabe, tiyeni tidikire. Ukasiya kulankhula ndiye kuti wapsa. A Likhutcha ankayesa kumvera nawo, ndi sikuludiraiva yawo yomwe, koma ankangoti sakumva kanthu. Munthu amene ankamva kachitsulo kakang'ono kakugogoda m'kati mwa injini analephera kumva mgolo wa makoko, ndipo zimenezi zinkawapweteka.

Ankakangana tsiku ndi tsiku. A Likhutcha anachotsa mtsuko wadothi n'kuika mgolo wachitsulo ndi paipi ya mkuwa yodutsa m'madzi ozizira. Pamenepo amayi anavomera monyinyirika. Koma pa moto sanagwirizanepo. Iwo ankafuna moto waukulu kuti zifulumire, amayi ankati moto waukulu umakweza madzi. Iwo akasonkhezera chikuni, amayi ankachisolola. Akatembenuka, iwo ankachibwezera. Ndinawaonapo anthu awiri aimvi akulimbirana chikuni chimodzi, wina mbali iyi wina mbali iyo, osayang'anana kumaso.

Kachasu woyamba amene anathira m'thanki anali wamba, wonga amene anthu amamwa. Galimoto inatsokomola kawiri n'kuzima. Amayi anaseka mpaka kugwira m'mimba, akuti galimoto yanuyi ndi chidakwa chachikulu, ikufuna mutu wokhawokha. Mutu ndi uja amayamba kudontha, waukali kuposa wonse. Choncho anayamba kutcheza kawiri, wotuluka koyamba kumubwezanso pamoto, mpaka dontho lake likagwera pa supuni n'kuyatsidwa lizipsa lonse osasiya chinyezi. A Likhutcha nawo anamasula kabuleta, n'kukulitsa kabowo kodutsa mafuta ndi singano, pang'onopang'ono, masiku atatu. M'mawa mukazizira, nkhungu ikatsika kuphiri la Chambe, injini inkakanabe, ndiye ankaidzutsa ndi kapetulo ka m'kabotolo kamene ankakasunga ngati mankhwala a maso.

Tsiku limene inalira tinasonkhana ngati pali ukwati. Inalira mosalala, yopanda utsi wakuda uja tinauzolowera. Kumbuyo kwake kunkangotuluka kafungo kozuna, ndipo bambo wina wodziwika ndi botolo anaitsatira mpaka kumsewu akununkhiza, akulira kuti anthu akuononga chakudya. Patatha milungu a Likhutcha anamasula mapulagi, kuwapeza oyera, opanda mwaye, n'kuyenda nawo m'thumba kumaonetsa aliyense wokumana naye. Zotsalira m'migolo ankapatsa nkhumba, zina kuthira m'munda wa chinanazi. Ndikuganiza kuti chimene chinkawakondweretsa kwambiri sichinali kuyenda kwa galimoto, koma kuti panalibe chotaya.

Musaganize kuti anali mafuta ochuluka. Galimoto inkamwa kachasu kuposa mmene inkamwera petulo, ndipo ntchito ya mlungu wathunthu inkangokwana ulendo umodzi wa pa Chonde ndi umodzi kapena iwiri ya kuchipatala. Mapaipi a labala ankafewa n'kumadontha. Amuna ena anayamba kuyamwa m'thanki ndi kapaipi galimoto ikaima pamsika, mpaka a Likhutcha anayamba kuthiramo palafini pang'ono kuti asamweke. Amayi anasiyiratu kugulitsa kwa anthu. Wonse ankapita m'thanki, ndipo iwo ankalandira gawo lawo pa zimene galimoto yapeza.

Tcheyamani wa chipani wa dera lathu anabwera kudzaona. Anazungulira migolo, kununkhiza, n'kufunsa ngati boma likudziwa. A Likhutcha anayankha kuti nzeruyo anaimva kwa boma lomwelo, pa wailesi. Tcheyamani anaima kakasi. Kuletsa kunali ngati kutsutsa wailesi, kulola kunali ngati kulola kachasu. Anakanda pamutu, anafunsa ngati makhadi athu a chipani tili nawo, ndipo pomaliza anapempha kuti amusiyeko pa Chonde.

Mpingo ndiwo sunathe kungopempha kukwera. Chaka chachiwiri cha ntchitoyi, Loweruka lina, a Likhutcha anaitanidwa ku bwalo la akulu, amayi naonso anaitanidwa ngati mboni. Ndinawaperekeza. Tinakhala pakhonde, chitseko chili chotsegula, ndipo zonse ndinazimva ndi makutu angawa. Wofunsa anali mlembi wa mpingo, munthu wodziwa malamulo pamtima. Abusa anali achinyamata, alendo kwathu kuno.

"Lamulo likuti mkhristu asafulule, asamwe, asagulitse," anatero mlembi. "A Likhutcha, mukutcheza kapena simukutcheza?"

"Ndikutcheza."

"Mukumwa?"

"Iyayi."

"Nanga akumwa ndani?"

"Galimoto."

Kenaka mkulu wina wokalamba kwambiri anafunsa, mwaulemu ndithu, ngati munthu wokwera galimoto yoledzera nayenso ali ndi gawo pa tchimolo. Abusa anayang'ana pansi, popeza m'mawa womwewo anabwera pa galimoto yomweyo. Wina anati tchimo lili m'mtsuko. Wina anati lili pakhosi. Wina anati lili m'fungo, chifukwa fungo limakhumudwitsa ofooka. Anatsegula Baibulo, anatsegula buku la malamulo, za galimoto sanazipezemo. Anakambirana mpaka mithunzi inatembenuka, ndipo pomaliza mlembi analengeza kuti galimoto ilibe mzimu, choncho a Likhutcha alibe mlandu, apitirize kuthandiza anthu.

Onse anapuma, ena anayamba kufuna zipewa. A Likhutcha sanakhale pansi.

"Nanga amake Esinati?"

Amayi anandigwira dzanja.

"Imeneyo ndi nkhani ina, abambo," anatero mlembi.

"Ina bwanji? Mgolo ndi umodzi, moto ndi umodzi. Ine ndimasonkhezera, iwo amatchera botolo. Chaka chachiwiri chino palibe munthu wamwa dontho lawo. Ngati ine ndili woyera, naonso ndi oyera. Ngati iwo ali akuda, ndiduleni."

Anakhalanso pansi akuluakulu aja, zipewa pamaondo. Mlembi anafotokoza kuti munthu wodulidwa chifukwa cha mtsuko amabwerera pokhapokha atausiya mtsukowo, anthu n'kuona kuti wausiyadi, kenaka alowe kalasi chaka chimodzi. Lamulo silifunsa kuti akumwa ndani. A Likhutcha sangadulidwe chifukwa sanapezeke ndi mlandu, amayi sangabwezedwe chifukwa sanasiye. Khomo lili lotsegula, anatero, angosiya basi. Sindikhulupirira kuti mlembi uja anali munthu woipa. Ndikuganiza kuti nayenso anali atagwira njakata, n'kugwiritsa chimene ankachidziwa.

Pobwerera tinakwera kutsogolo tonse atatu, ine pakati. Tonse tinkadziwa chinthu chimodzi: amayi akasiya, galimoto ibwerera pamiyala, chifukwa a Likhutcha okha mgolo sankaumva. Titadutsa mlatho amayi analankhula, maso ali kutsogolo.

"Ndiye ndisiye?"

A Likhutcha anati, "Lachiwiri kuli odwala awiri opita kuchipatala."

Anangonena zomwezo. Sanati siyani, sanati musasiye. Apa ndi pamene mutu wanga umaima mpaka lero. Munthu amene anangotsala pang'ono kutaya ukulu wake chifukwa cha amayi anga m'bwalo muja, analephera kuwauza mawu amodzi oti siyani, mwavutika kokwanira. Anawasenzetsa odwala awiri aja, podziwa bwino lomwe kuti sangawatule. Lolemba m'mawa amayi anali pamgolo, khutu pachitsulo. Anandiuza kuti petulo akabwera asiya. Petulo ankabwera mwezi uno, mwezi wamawa n'kusowanso, ndipo odwala sankatha.

Koma Lamulungu lotsatira bwalo lija tinaona china. A Likhutcha analowa m'tchalitchi, osapita kutsogolo pa benchi ya akulu. Anakhala pa benchi yomaliza ya mbali ya abambo, pafupi ndi chitseko, moyang'anana ndi benchi ya amayi anga, pakati pali kanjira. Mgonero utafika sanadzuke. Palibe anawadula, anadzidula okha, ndipo lamulo la zimenezo kunalibe. Mlembi anapita kwawo kangapo kukawapempha kuti abwerere pamalo pawo. Yankho lawo linali limodzimodzi: pamzere pali munthu amene ali patsogolo pawo, ayambe aitanidwa ameneyo. Kodi kumeneku kunali kulapa? Kapena anali makani omwe aja, atangotembenukira kwina? Pepani sanamunenepo, kwa amayi kapena kwa ine. M'tchalitchimo sankalankhulana. Ankangokhala, wina uku wina uko, osaimba onse awiri.

Amayi anadwala nyengo ya mvula, zaka zitatu chichitikire bwalo lija. Anapita kuchipatala pa bokosibode, anabwerera pa bokosibode yomweyo atafunditsidwa kumaso. Dzina lawo silinali m'buku. Anzawo a m'gulu la amayi anabwera ngati anansi, m'zitenje wamba, ena akulira kwambiri kuposa ife. Pamene tinkasambitsa thupi, a Likhutcha anandiitanitsa pakhomo.

"Bulauzi ija ili kuti?"

"Anati tisawaveke."

"Avekeni. Ndiyankha ndine."

"Munawavula ndinu," ndinatero. "Lero mukufuna muwaveke ndinu?"

Sindinalankhulepo chotero kwa munthu wamkulu chibadwire. Iwo anangotulutsa kansanza kaja n'kuyamba kupukuta manja oyera kale. Ine ndinachita zimene amayi anandiuza. Ngati ndinalakwa, kaya.

Kumanda kwathu si kutali, anthu amanyamula pamapewa. Koma a Likhutcha anabweretsa galimoto pakhomo penipeni, anatsanulira m'thanki kachasu amene amayi anatcheza komaliza, n'kunena kuti bokosi likwere. Anayendetsa pang'onopang'ono, ife tikutsatira pambuyo m'kafungo kozuna kaja. Panalibe wotsogolera nyimbo. Tili pakati pa njira tinamva mawu akuchokera pa zenera la galimoto, mawu oipa, osweka, olakwitsa kayimbidwe. A Likhutcha ankaimba nyimbo imene amayi ankakonda kuyambitsa. Anthu anayang'anana, osadziwa ngati n'kololedwa kuyankha. Kenaka amayi ena kumbuyo anayamba kung'ung'udza milomo ili yotseka, ena n'kulowapo, mpaka gulu lonse linkang'ung'udza, popanda ndi mmodzi yemwe wotsegula pakamwa. Umo ndi mmene amayi anga anaimbidwira.

Chichokere tsiku limenelo galimoto sinayendenso ndi kachasu. A Likhutcha anayesa okha miyezi ingapo, ankangotulutsa madzi. Galimoto inkayenda petulo akapezeka, kenaka china chake chinathyoka m'kati, inakweranso pamiyala. Iwo anapitiriza kukhala pa benchi yakumbuyo ija. Mlembi atawauza kuti tsopano palibenso chowaletsa, iwo anati munthu uja sanaitanidwebe. Ankafuna kuti dzina la womwalira lilembedwenso m'buku. Lamulo la zimenezonso kunalibe.

Ndiye pa maliro a a Likhutcha, akulu a mpingo atatuluka kuseri kwa nkhokwe kuja, anabwera ndi chigamulo cha theka. Abusa anapemphera koma sanalalikire. Amayi a mpingo anavala maduku oyera, mabulauzi anatsala m'zikwama. Nyimbo anati iimbidwe imodzi. Palibe anakhutira, palibenso anatha kunena kuti zikanayenera kukhala bwanji. Ine sindinalire. Ndinaphika, ndinatsuka mbale, ndinapita kwathu mtima uli gwa.

Patatha mwezi mwana wawo wamkazi anagulitsa bokosibode kwa anthu ogula zitsulo. Pochotsa zinthu anapeza botolo kuseri kwa mpando, lokulungidwa m'kansanza, lotsekedwa ndi chitsononkho ndi phula la kandulo. Pa botolopo panali kapepala kolembedwa ndi dzanja lawo: Amake Esinati, womaliza. Ine ndinkayesa kuti wonse anathera m'thanki tsiku la maliro a amayi lija. Anandibweretsera. Ndinanunkhiza pachitsekero, munalibe palafini. Pamenepo ndiye ndinalira, maliro atapita kale, ndili ndekha kuseri kwa nyumba ngati wopenga. Kumwa sindingamwe, kutaya sindingataye, ndipo mkhristu sayenera kusunga kachasu m'nyumba. Ndinaliika pansi pa sutikesi, pambali pa bulauzi.

Kuseri kwa nyumba ya a Likhutcha kwatsala miyala inayi pamene pankakhala mateyala, ndi migolo iwiri yobooka ndi dzimbiri. Pamene ankathira zotsalira pamera chinanazi chachikulu kuposa cha m'mudzi monse, ndipo chimapsa n'kuwolera pomwepo, chifukwa palibe wochinyamula. Kutchalitchi mabenchi awiri aja akadalipo, pafupi ndi chitseko, kanjira pakati. Thabwa lake lasalala malo awiri, kumapeto kwa benchi iyi ndi kumapeto kwa benchi iyo. Odulidwa a masiku ano amakhala cha pakati, malo awiriwo amawasiya. Ine ndimakhala kutsogolo, ndi bulauzi yangayanga yoyera, ndipo nyimbo ija ikayamba ndimapeza kuti milomo yanga yatsekeka.